Mlendo wa Mpezeni ndi pepala lomwe linakafika ku London

M'chaka cha 1890 mzungu wina dzina lake Alfred Sharpe anafika kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, atanyamula mbendera ya Angelezi ndi mapepala a pangano. Anatumidwa ndi Harry Johnston, ndipo kumbuyo kwa onsewa kunali ndalama za Cecil Rhodes. Chimene ankafuna n'chakuti mfumu ivomere kukhala pansi pa Angelezi ndi kuwatsegulira dziko. Mpezeni anamulandira, anamumvetsera, n'kumukanira. Sharpe anabwerera chimanjamanja.

Tikamakamba za mafumu akale amene analandidwa dziko, timakonda kuwayesa anthu ogona, oti ankasinthanitsa nthaka ndi mikanda kapena mkono wa nsalu. Mpezeni sanali wotero. Anali munthu wa zaka pafupifupi 60, woona zambiri, amene anakulira pa ulendo wa nkhondo wochokera kumwera kwa Zambezi mpaka kufupi ndi nyanja ya Tanganyika n'kubwereranso. Mlendo wobwera ndi mbendera anamuzindikira msanga. Amene anamugwetsa ndi mlendo wina, yemwe anali atazolowereka pakhomo kwa zaka zisanu, womubweretsera nsalu ndi katundu wa ku Tete, munthu amene mfumu inkamukhulupirira. Ameneyu anali Mjeremani, dzina lake Carl Wiese.

Munthu wa ku Petauke kapena ku Nyimba angafunse kuti za mfumu ya Angoni zikuwakhudza bwanji Ansenga. Zikuwakhudza, ndipo kwambiri. Mbiri ya mitundu iwiriyi inalukana kalekale. Zwangendaba atawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, anadzakhazikika m'dziko la Ansenga, ku Mkoko, ndipo anakhalako zaka zingapo asanapitirire kumpoto. Mpezeni pa nthawiyo anali kamwana. Bambo wake atamwalira ku Ufipa mtundu unagawikana, ndipo iye ndi gulu lake anabwerera kumwera, nadzakhalanso pakati pa Ansenga asanasunthire kumapiri a kufupi ndi kumene lero kuli Chipata. Tisanamizane, si mbiri yokoma. Angoni ankathira nkhondo midzi, kukokolola nkhokwe, kutenga akazi ndi ana. Amayi ogwidwawo ndiwo analera ana a Angoni, ndipo mwana amayamwa chilankhulo cha mayi wake. N'chifukwa chake Mngoni wa kwa Mpezeni lero amalankhula Chinsenga, chilankhulo cha makolo ake a kumwera chinangotsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Komabe chimene chinamanga Ansenga ndi Mpezeni mtolo umodzi koposa zonsezi ndi pepala limene Wiese anachoka nalo kwa Mpezeni.

Wiese anafika mu 1885 kuchokera ku Tete. Malonda ake anali minyanga ya njovu, ndipo anapeza chimene azungu ena anachilephera: mfumu inamulola kukhala, kusaka ndi kuchita malonda m'dziko lake. Anagwiranso ntchito ndi boma la Apwitikizi, limene linkasirira dera limeneli. Kwa Mpezeni munthu wotere anali waphindu, pakuti kudzera mwa iye njira ya ku Tete inali yotseguka. Pofika 1891 Wiese anali ndi mapepala onena kuti Mpezeni wamupatsa ufulu pa miyala ya pansi ndi pa malo aakulu zedi.

Taganizani mmene malo amaperekedwera kwathu kuno mpaka lero. Mlendo akafuna pokhala amapita kwa nyakwawa, mwina ndi nkhuku m'manja. Nyakwawa amaitana akuluakulu awiri atatu, amayenda naye kutchire, n'kumuloza kuti kuyambira pa chulu icho, kutsetsereka ndi kamtsinje ako, mpaka pa mtengo wa msuku uwo. Mlendo amalima, amamanga, ana ake amabadwira pomwepo, ndipo palibe womuvuta. Koma akasamuka, malowo amabwerera kwa eni mudzi. Sangakaitane munthu wa kutali, amene mudzi sukumudziwa, n'kumuuza kuti ndakugulitsa. Malo amaperekedwa kwa munthu wodziwika nkhope, ndipo chomanga panganolo ndi kukhalirana: kulirana maliro, kuyendera odwala, kuthandizana pa milandu. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndikhulupirira kuti Mpezeni ankamuona Wiese ndi maso amenewa. Mlendo wake anali m'manja mwake, ndipo tsiku loti walakwa akanatha kumuthamangitsa.

Pepala linkayendera lamulo lina. Linkatha kuchoka m'manja mwa mwini wake, kukwera sitima, kukagulitsidwa kwa munthu amene sanapondepo ku Africa, mphamvu yake osachepa ngakhale pang'ono. Ndipo ndi zimene zinachitika. Mu Juni 1891 Britain ndi Portugal anagwirizana za malire awo, dziko la Mpezeni n'kugwera mbali ya Angelezi. Palibe Mngoni, Mchewa kapena Mnsenga amene anafunsidwa. Wiese, amene ankadalira Apwitikizi, anatsala ndi mapepala ake okha, ndipo mapepalawo anakathera ku kampani yotchedwa Mozambique Gold, Land and Concession Company. Koma pamaso pa boma la Britain dera lonseli linali kale m'manja mwa kampani ya Rhodes, British South Africa Company. Makampani awiriwa sanatengerane mikondo ayi. Anakambirana ku London n'kumvana. Mu 1895 kunabadwa North Charterland Exploration Company, imene inapatsidwa malo okwana masikweya mailosi 10,000, kampani ya Rhodes n'kutengako gawo la masheya.

Chiwerengero chimenechi chisangodutsa m'maso. Ndi maekala 6.4 miliyoni, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda wonse wa Malawi. M'katimo munali midzi ya Angoni, ya Achewa, ndi gawo lalikulu la dziko la Ansenga cha ku Petauke kuno. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Anthu amene kwa zaka zambiri ankathawa mikondo ya Mpezeni, kugona m'mapiri ndi m'malinga, anapezeka kuti minda yawo, madambo awo ndi manda a makolo awo zalowa m'pangano lochokera pa ubwenzi wa mdani wawo ndi mlendo wake. Iwo sanalandire nsalu ngakhale mkono umodzi, ndipo ku bwalo kumene nkhaniyi inakambidwa kunalibe wowayankhulira.

Mu 1896 anthu a kampani anafika, motsogozedwa ndi mkulu wa asilikali dzina lake Warton, Wiese ali nawo ngati wowatsegulira khomo. Ankafuna golide, pakuti ku London kunali mbiri yoti dziko la Mpezeni ladzaza naye. Anayamba kuyendayenda m'dzikomo, kuyeza, kukumba ndi kumanga misasa. Mozungulira monse mafumu anali kugwa. Lobengula wa Amandebele anagonja mu 1893, Mwase wa ku Kasungu kumapeto kwa 1895, ndipo Gomani wa Angoni a ku Ntcheu anaphedwa mu 1896. Mpezeni, atakalamba, ankapewa nkhondo. Mwana wake Nsingo, amene ankatsogolera magulu a nkhondo a anyamata, ankaona kuti alendo achuluka ndipo sakuyendanso ngati alendo. Kumapeto kwa 1897 Wiese ndi anzake anatumiza uthenga woti moyo wawo uli pachiswe. Kwa amene ankafuna kale kuthyola mphamvu ya Angoni, uthengawu unali chifukwa chokwanira.

Mu Januwale 1898 asilikali analowa kuchokera m'dziko limene lero ndi Malawi, Asikh a ku India pamodzi ndi asilikali achikuda, atanyamula mizinga ndi mfuti za chiwaya. Nkhondoyo sinathe ndi mwezi womwe. Midzi inatenthedwa. Nsingo anagwidwa, anazengedwa mlandu ndi asilikali, nawomberedwa kumayambiriro kwa Febuluwale. Mpezeni anadzipereka, anatengedwa ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, ndipo anabwezedwa patapita chaka ali mfumu ya dzina lokha. Anamwalira mu 1900. Ng'ombe masauzande ambiri, chuma chonse cha mtunduwo, zinalandidwa. Mwambo wa Nc'wala unazima, n'kudzatsitsimutsidwa mu 1980.

Nsingo timamulemekeza, ndipo n'koyenera. Anaona zoona. Koma anaziona mochedwa, ndipo chida chimene anali nacho sichikanathandiza. Pamene ankasonkhanitsa anyamata ake, pangano linali litasainidwa kale ku London zaka ziwiri m'mbuyomo, masheya atagulidwa, anthu ataika ndalama zawo akudikira phindu. Ngakhale akanapha mzungu aliyense amene anali m'dzikomo, eni masheya akanatumiza ena. Nthawi yoteteza dziko inali ija Wiese ankabwera mwaulemu ndi cholembera, pamene panalibe mfuti yolira ndipo aliyense anali kumwetulira.

Golide uja sanapezeke wochuluka. Mgodi wa Sasare, kumpoto kwa Petauke, unatulutsa wochepa, wosafika pa maloto a ku London. Kampani itaona choncho inatembenukira ku chinthu chimene inali nacho chambiri, nthaka. Inayamba kugulitsa ndi kubwereketsa mafamu kwa azungu, makamaka kufupi ndi Fort Jameson, tauni imene inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Anayesa ng'ombe, anayesa thonje, kenako anagwira fodya. Nthawi yomweyo kunabwera msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama zimene m'mudzi munalibe. Amuna anayamba ulendo wapansi wopita ku Halale, kumigodi ndi kumafamu a ku Southern Rhodesia. Ena ankabwerako ndi bulangete ndi njinga, ena anasanduka matchona osaonekanso. Mabanja ambiri a kuno ali ndi agogo amene anatayika motero.

Chopweteka chenicheni chinadza patapita zaka 30 nkhondo itatha. Mu 1924 boma la Britain linatenga ulamuliro kuchokera ku kampani ya Rhodes, ndipo linakhazikitsa bungwe loona za malo a anthu akuda m'dera la North Charterland. Mu 1928 anadula malo otchedwa marizevu. Ena mwa mayina ake ndi odziwika kwa aliyense wa kuno: Nsenga, Lusandwa, Petauke. Anthu okhala kunja kwa malire amenewa anauzidwa kuti asamuke, kuti malo atsale a azungu amene ankayembekezeka kubwera.

Kusamutsa mudzi si kunyamula mitolo chabe. Mayi amasiya dimba limene analilandira kwa mayi wake, lokhala ndi chinyontho chaka chonse. Amasiya mitengo imene ankaidziwa umodzi umodzi, uwu wa masuku, uwo wa mankhwala a mwana akatsegula m'mimba. Amasiya manda. Kumene akupita akupezako eni ake, amene nawonso malo akuwachepera. Ulimi wa nthawi imeneyo unkadalira kugoneka munda: ukalima zaka zingapo, umausiya tsala kuti nthaka ipume, iwe n'kukatsegula pena. M'marizevu munalibe kotsegula. Munda womwewo unkalimidwa chaka ndi chaka mpaka mapira kumangofika m'chiuno, mvula n'kuyamba kukumba zigwembe. Zitsime zinali zochepa, amayi ankalawirira usiku kukadikira madzi. Ndipo amuna oti n'kugwetsa mitengo ndi kusema zitsa anali ku Halale kusaka ya msonkho.

Azungu oyembekezeredwa aja sanabwere. Chaka chomwecho cha 1928 mtengo wa fodya unagwa, ndipo ambiri mwa amene analipo kale anasiya mafamu. Malo amene anthu anachotsedwamo anangokhala. Tchire linamera, nyama zakutchire zinachuluka, ndipo pamodzi nazo panabwera kashembe, ntchentche yopha ng'ombe ndi yofalitsa matenda a kaodzera. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail analemba za zimenezi mu 1977, kusonyeza mmene kusamutsa anthu kunasokonezera nthaka, nyama ndi thanzi la anthu kum'mawa kwa Zambia. Anthu ankafota ndi njala m'malo othinana, akuyang'ana kutsidya kwa malire nthaka ya makolo awo ili gone.

Mu 1932 nkhani ya North Charterland inafufuzidwa ku London pansi pa woweruza Maugham. Wodandaula sanali Mnsenga kapena Mngoni. Inali kampani, ikuti boma lailanda malo ake popanga marizevu. Mpaka mu 1941 ndi pamene boma linagula malo otsala a kampaniyo, n'kuyamba kubwezeramo anthu, ndipo mu 1947 malo ambiri otere anaikidwa m'gulu la Native Trust Land. Kuchokera 1891 mpaka 1941 ndi zaka 50. Mwana amene anabadwa chaka chimene Wiese analandira mapepala ake anali ndi zidzukulu pamene nthaka inayamba kubwerera, ndipo inabwerera kampani italipidwa.

Zoterezi sizinachitike kuno kokha. Ku America, William Penn, amene anayambitsa dera la Pennsylvania, ankadziwika kuti ankakhala bwino ndi eni nthaka a mtundu wa Lenape ndipo ankawalipira akafuna malo. Anamwalira mu 1718. Mu 1737 ana ake, Thomas ndi John, anatulutsa pepala limene ankati ndi la 1686, lonena kuti makolo a Alenape analonjeza malo otalika mtunda umene munthu angayende tsiku limodzi ndi theka. Atsogoleri a Alenape anavomera, poganiza za kuyenda kwa munthu wamba, wopuma panjira ndi kudya. Ana a Penn analambuliratu njira, nalemba ganyu amuna atatu othamanga kwambiri. Mmodzi yekha, Edward Marshall, ndiye anafika kumapeto, atadutsa makilomita pafupifupi 100, ndipo Alenape anataya maekala oposa miliyoni imodzi. Ubwenzi unali ndi bambo, koma pepala linagwiritsidwa ntchito ndi ana. Kwa Mpezeni ubwenzi unali ndi Wiese, pepala n'kugwiritsidwa ntchito ndi anthu amene mfumu sinawaonepo.

Ndikulemba izi chifukwa alendo a mapepala sanathe. Amene amayenda mumsewu wa Great East kuchokera pa mlatho wa Luangwa, kudutsa Kacholola, Nyimba mpaka Petauke, akudziwa kuti nthaka ya kuno yayamba kufunidwa. Ena akufuna mafamu, ena malo osungira nyama m'mbali mwa Luangwa, ena golide m'mapiri omwe aja a Sasare, ena mitengo, ndipo tsopano kwabwera ofuna kuti tisunge nkhalango iwo azigulitsa kaboni. Sindikunena kuti onsewa ndi akuba. Ambiri ndi anthu abwino, ena ndi ana a konkuno obwerera kumudzi atapuma pantchito ku Lusaka kapena ku Copperbelt, ndipo mapangano ena abweretsadi mijigo ndi makalasi. Koma ubwino wa munthu wobwera ndi pepala si umene uyenera kutikhazika mtima pansi. Naye Wiese kwa zaka zambiri anali mlendo wothandiza.

Lamulo la malo la 1995 ndi limene likugwira ntchito pa nkhaniyi m'Zambia, ndipo ndi bwino aliyense alidziwe. Limati nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a m'dziko. Limalola kuti malo a mwambo asinthidwe kukhala a tayitolo, ya zaka zofika 99. Kuti zimenezi zitheke pamafunika chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo, kenako mapepala amapita kwa Commissioner of Lands, ndipo lamulolo limanena kuti anthu amene akhudzidwe ndi kusinthaku ayenera kufunsidwa. Palinso malangizo a boma a 1985 onena kuti khonsolo isavomereze malo opitirira mahekitala 250 kwa munthu mmodzi. Chimene ambiri sadziwa ndi ichi: malo akangosinthidwa, lamulolo silinaike njira yowabwezera ku mwambo. Amachoka m'manja mwa mfumu. Mwini tayitolo angathe kuwagulitsa kwa wina, angathe kuwapereka chikole ku banki, ndipo akalephera kubweza ngongole banki imawagulitsa kwa aliyense wokhala ndi ndalama. Wogula wachitatu sanakhalepo pa msonkhano wa pansi pa mtengo, ndipo malonjezo a pakamwa amene anaperekedwa pamenepo sakumukhudza. Iye amangoona manambala a mabikoni, n'kubwera ndi waya.

Msonkhano wotere ambiri tinauonapo. Galimoto imaima pa sukulu kapena pa bwalo la nyakwawa nthawi ya m'mawa, nthawi imene amayi ambiri ali kumunda kapena kudimba. Mlendo amavula chipewa, amagwada bwino, amapereka moni wa Chinsenga umene waphunzira panjira, anthu n'kuseka mokondwa. Womasulira ndi mnyamata wobwera naye yemweyo. Amakamba za mjigo, za malata a tchalitchi, za ntchito za achinyamata. Pepala lenileni, la masamba ambiri ndi la Chingelezi, limangoonetsedwa m'mwamba. Limene limazungulira ndi lina, loti aliyense alembepo dzina ndi nambala ya chitupa, osadziwa kulemba adinde chala. Amati ndi longosonyeza amene anabwera. Agogo amapukuta inki pa chitenje, amalandira botolo la chakumwa, msonkhano watha. Pepala la mayina limenelo likakamatidwa kumbuyo kwa pangano, ku ofesi limawerengedwa ngati umboni woti mudzi wonse unafunsidwa ndipo unavomera.

Inu a nyakwawa, inu amalume osunga mbumba, inu amayi amene munda ndi wanu kuchokera kwa amayi anu, musachite manyazi kufunsa. Funsani kuti pamwamba pa pepala mukudindapo chalalo palembedwa chiyani, ndipo ngati palibe mutu, musadinde. Funsani ngati malowo akusinthidwa kukhala a tayitolo kapena akungobwerekedwa, ndiponso kwa zaka zingati. Funsani ngati mlendoyo angathe kugulitsa kapena kupatsira wina ufulu wakewo popanda kubwereranso kwa inu, chifukwa funso limeneli ndi limene Mpezeni akanapulumukira. Pemphani kuti kope la panganolo ligone m'mudzi sabata imodzi kapena ziwiri, aliwerenge mphunzitsi, m'busa kapena mwana wanu wa ku sekondale, munthu amene sanabwere pa galimoto ija. Malire muwayende ndi miyendo, chulu ndi chulu, pamodzi ndi a midzi yoyandikana nayo, pakuti mahekitala 500 papepala ndi kachiwerengero kakang'ono, koma pansi angameze dambo lodyetsera ng'ombe za midzi itatu. Mjigo ndi kalasi zimene zalonjezedwa zilembedwe m'panganomo, ndi tsiku lake, ndi chimene chidzachitike zikapanda kumangidwa. Wobwera ndi mtima wabwino sadzakwiya ndi mafunso amenewa.

Mawu ena ndi a mafumu athu, ndipo ndikuwanena mogwada. Ulemu umene timapereka kwa a Kalindawalo, a Nyamphande, a Sandwe, a Mumbi, a Mwanjawanthu, a Ndake, a Luembe, a Nyalugwe ndi a Mwape ndi waukulu, ndipo chidindo chawo n'cholemera kuposa mmene chinalili kale, popeza lero lamulo la boma limachizindikira. Chidindo chimodzi chingathe kumanga anthu amene sanabadwe. Pepala la Wiese linagwira dziko zaka 50, pamene tayitolo ya lero ndi ya zaka 99. Mfumu imene imaitana anyakwawa, amayi ndi achinyamata isanadinde, imene imalola kuti pangano liwerengedwe poyera m'chilankhulo cha anthu, sikuti yachepetsa ufumu wake. Yadziteteza yokha, chifukwa mawa zinthu zikavuta sidzasenza mlandu yokha.

Pepala palokha si mdani, ndipo sitingabwerere ku nthawi imene chulu ndi mtengo wa msuku zinali umboni wokwanira. Chulu chimagumulidwa ndi thirakitala, mtengo umapita ku makala, ndipo akuluakulu amene anaona malire akutha. Njira yabwino ndi yoti mudzi ukhale ndi mapepala akeake mlendo asanafike ndi ake. M'zaka zapitazi bungwe la Petauke District Land Alliance lagwira ntchito ndi mafumu, monga kwa a Sandwe, kuyeza minda ya anthu ndi kupereka zikalata za malo a mwambo zosainidwa ndi mfumu. Chikalata chotere si tayitolo, malo amakhalabe a mwambo, koma chimasonyeza munda, malire ake, ndi mayina a eni ake. Kumene ntchito yotere yafika, onetsetsani kuti dzina la mayi lalembedwa, ndi la alongo amene ali ku ukwati kwina, ndi la ana a malemu, osati la mwamuna yekha amene anapezeka pakhomo tsiku loyeza. Muumirirenso kuti malo a tonse alowe m'mapu a mudzi: dambo, manda, njira ya ng'ombe yopita kumadzi, ndi nkhalango yotolamo nkhuni ndi bowa. Malo amenewa ndi amene amayamba kupita, chifukwa mlendo akafunsa kuti mwini wake ndani, palibe munthu mmodzi amene amaimirira.